Land Cruiser yanga yakwera kumbuyo ndipo imadumpha, ndikweze kutsogolo?

Funso: Ndili ndi Toyota Land Cruiser 79 imene ndimanyamulira chimanga ndi feteleza. Ikakhala yopanda katundu imadumpha kwambiri pamsewu wafumbi, ndipo kumbuyo n'kokwera kuposa kutsogolo. Anzanga akuti ndiike maspesa (zophatikiza pa masipuling'i zokwezera galimoto) kutsogolo kuti ifanane. Mungandilangize bwanji?

Yankho: Bambo, musafulumire. Kukwera kwa kumbuyoko anakupanga dala. Galimoto imeneyi ili ndi masipuling'i ozungulira kutsogolo, koma kumbuyo ndi achitsulo chosanjikiza, olimba, oti azisenza katundu. Mukakweza matumba 15 a makilogalamu 50, kumbuyo kumatsika ndipo galimoto imakhala bwinobwino. Tsono mukakweza kutsogolo ndi masentimita 5 n'kudzaika katundu yemweyo, mphuno imayang'ana kumwamba. Magetsi amathobwa anzanu m'maso usiku, chiwongolero chimapepuka, ndipo galimoto imayamba kuyendayenda yokha pamsewu. Kwa inu amene mumanyamula katundu sabata iliyonse, maspesa sindingakuikireni.

Kudumphako tiyambe ndi matayala. Ambiri amapopa mpweya wa katundu wodzaza n'kumayenda nawo womwewo galimoto ili yopanda kanthu. Onani kapepala komatidwa pachitseko cha dalaivala kapena buku la galimoto, ndipo muyeze matayala asanatenthe.

Kenako mashoko. Shoko sisenza katundu ayi, ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isapitirize kudumpha. Mukayenda makilomita angapo pamabampu, imani n'kuyandikitsa dzanja mosamala. Yogwira ntchito imakhala yofunda. Ikakhala yozizira, kapena yanyowa ndi oilo amene wagwira fumbi lakuda, ndiye kuti yatha. Sinthani zonse ziwiri, yakumanja ndi yakumanzere, nthawi imodzi.

Mukadali pansipo, yang'anani mabushi (timphira ta m'malumikiziro) a kumapeto kwa masipuling'i, ma U-bolt (mabawuti omangira masipuling'i ku ekiselo) ngati amasuka, komanso ngati pali chitsulo chothyoka. Pamalo osalala yezani ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika pa madigadi, mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikatsika, sipuling'i yatopa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chowonjezera zitsulo pa masipuling'i kuti galimoto izinyamula zambiri. Kudumpha kumangokula, pomwe mabuleki, ekiselo ndi chasisi ndi zomwezija. Ndinalandirapo pikiapu ina itapindika chasisi kuseri kwa kabini chifukwa cha katundu wounjikidwa kumapeto kwa bodi. Matumba olemera muziwayamba kusanja kufupi ndi kabini.