Yambani ndi Fröken Julie

Achimwene, popeza gulu lanu la zisudzo ndi laling'ono ndipo ndalama n'zochepa, pa masewero onse a August Strindberg, mlembi wa ku Sweden, sankhani Fröken Julie, la mu 1888. Oyankhula ndi atatu okha: Julie mwana wa bwana, Jean wantchito wa m'nyumba, ndi Kristin wophika. Zonse zimachitikira m'khitchini imodzi ku Sweden, usiku wa chikondwerero cha mu June. Sewero lake lina lotchedwa Ett drömspel musaliyandikire kaye, lili ndi anthu ambirimbiri ndipo malo amangosinthasintha.

Pezani tebulo, mbaula, mapoto enieni, belu, jombo za bwana, lumo ndi khola la kambalame. Mapoto ojambula pansalu Strindberg mwiniwake ankadana nawo. Musaike nthawi yopuma pakati, chifukwa analilemba kuti liyende osaima, pafupifupi ola ndi theka.

Ambiri amaphonya pa Jean. Akamuonetsa wankhanza kuyambira pachiyambi, omvera samvetsa chimene chinamukopa Julie. Ayambe waulemu, wokoma pakamwa, nkhanza zizituluka pang'onopang'ono mpaka pamene akudula mutu wa kambalame ka Julie. Bwanayo asaonekere n'komwe. Jombo zake ndi kulira kwa belu n'zokwanira kumunjenjemeretsa Jean.

Strindberg anamwalira mu 1912, choncho mawu ake a Chiswidishi mukhoza kuwagwiritsa ntchito momasuka, koma zomasulira zaposachedwa zili ndi eni ake. Musanagulitse matikiti funsani loya kapena a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso ku Malawi. Komanso pamapeto Julie amatuluka ndi lumo kukadzipha, ndiye ngati omvera ndi ana asukulu, kambiranani kaye ndi mlangizi wa achinyamata.