Kansomba ka ku Nsanje musakaike m'damu la ku Mzuzu

Achimwene, kansomba munakaona ku Nsanje kaja, ka zipsepse zapamimba zolumikizana ngati kambale, musakabweretse m'damu lanu kuno ku Mzuzu. Ndi ka mtundu wa Glossogobius, nsomba zokhala m'mbali mwa nyanja yamchere, pomwe mitsinje imathira m'nyanjamo, komanso m'madzi opanda mchere monga kumunsi kwa Shire. Zinazolowera kotentha.

Ine ndimaweta makumba, ndipo mu June madzi amazizira mpaka gaga amangoyandama osadyedwa. Nanga kochokera ku Nsanje kangapirire? Komanso kamabisala pansi n'kumadya tiana ta nsomba zina.

Chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti damu likasefukira, kangalowe m'mitsinje yothira m'nyanja ya Malawi. Musanasamutse nsomba iliyonse, kaonaneni kaye ndi alangizi a zansomba.