Galimoto yoyamba ya mwana wa zaka 17 ku Britain: inshuwaransi ilembedwe m'dzina la yani?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine mayi wochokera ku Malawi, ndimakhala ku Leicester, ndipo mwana wanga wamwamuna wa zaka 17 wakhoza mayeso oyendetsa galimoto mwezi wathawu. Tasonkha mapaundi 3,000 kuti timugulire galimoto yakaunjika yoti azipitira kukoleji ndi kuganyu yake ya Loweruka, koma titafunsa mtengo wa inshuwaransi ya galimoto imene waikonda, ya injini ya malita 1.6, tapeza kuti ukuposa mtengo wa galimotoyo. Alamu anga akuti ndilembetse inshuwaransiyo m'dzina langa monga woyendetsa weniweni, mwanayo angowonjezeredwa pansi panga, popeza ine ndayendetsa zaka zambiri popanda ngozi. Kodi nzeru imeneyi ndi yabwino? Nanga tigule galimoto yotani?

Mayi wa ana atatu, Leicester

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi malangizo a alamu anu, chifukwa ndi amene angakuikeni m'mavuto aakulu ngakhale kuti anawapereka ndi mtima wabwino. Kwathu tinazolowera kuona inshuwaransi ngati chinthu cha galimoto, kotero kuti wachibale aliyense wokhala ndi laisensi amatenga makiyi n'kuyendetsa popanda wina kufunsa. Ku Britain kampani imawerengera mtengo poyang'ana munthu amene adzayendetse galimotoyo masiku ambiri, zaka zake, kumene amakhala ndi kumene galimoto imagona usiku. Kulemba dzina la kholo pamene woyendetsa tsiku ndi tsiku ndi mwana kumatchedwa fronting, ndipo malamulo amakuona ngati chinyengo.

Bodza limeneli silionekera pa tsiku lolipira, limaonekera pa tsiku la ngozi. Ofufuza a kampani amafunsa kuti galimotoyo inkapita kuti m'mawa uliwonse, ndipo akapeza kuti imaswera pakoleji pamene inu muli ndi galimoto yanu ina yopitira kuntchito, akhoza kuthetsa inshuwaransiyo ngati kuti siinakhalepo n'komwe. Galimoto yanu sadzakonza. Munthu amene wavulazidwa akhoza kumulipira monga lamulo la Road Traffic Act la 1988 likunenera, koma pambuyo pake ali ndi mphamvu zodzakulondolani inuyo kuti mubweze ndalamazo, ndipo chipukuta misozi cha munthu wolumala pangozi sichifanana n'komwe ndi mapaundi amene munafuna kupulumutsa. Kuwonjezera apo, nthawi iliyonse imene mudzafune inshuwaransi ina adzakufunsani ngati inayamba yathetsedwapo, ndipo yankho lakuti inde limakweza mtengo kwa zaka zambiri.

Mwanayo naye sapulumuka. Wogwidwa akuyendetsa popanda inshuwaransi yovomerezeka amalipitsidwa mapaundi 300, amaikidwa mapointi 6 achilango pa laisensi yake, ndipo apolisi akhoza kulanda galimoto. Kwa woyendetsa wakale mapointi 6 ndi chilonda chopola, koma lamulo la 1995 lokhudza madalaivala atsopano limati amene wafika pa mapointi 6 zisanathe zaka 2 chikhozereni mayeso amalandidwa laisensi, ndipo amayambiranso pachiyambi, mayeso olemba ndi a pamsewu omwe.

Njira yololedwa ndi yongotembenuza zimene alamu anena. Mwanayo alembedwe monga woyendetsa weniweni, inu muwonjezeredwe monga woyendetsa wachiwiri, bola ngati mudzaiyendetsadi nthawi zina. Kampani zambiri zimatsitsako mtengo zikaona dzina la munthu wamkulu wa mbiri yabwino, ndipo chofunika kwambiri n'chakuti chaka chilichonse chimene mwanayo angamalize popanda kupempha chipukuta misozi chimalembedwa m'dzina lake. Zaka zimenezi, zomwe amazitcha no claims bonus, ndizo zidzatsitse mtengo akamadzafika zaka 19 ndi 20. Mwana wobisika pansi pa dzina la mayi ake kawirikawiri sapeza mbiri imeneyi, choncho mtengo wowawawo amangousunthira kutsogolo.

Pa nkhani ya galimoto yoti mugule, cholakwa chimene makolo ambiri amachita n'chakuti amayamba kugula, kenako n'kumafunsa za inshuwaransi makiyi ali kale m'manja. Inu mwachita bwino kufunsa musanalipire, ndipo muzitero pa galimoto iliyonse imene mwaiona: tengani nambala yake, muilowetse pa masamba a pa intaneti oyerekezera mitengo, muone chimene chituluke. Magalimoto akale amene mapaundi 3,000 angagule anaikidwa m'magulu a inshuwaransi kuyambira 1 mpaka 50, potengera mphamvu ya injini, mtengo wa masipeya ndi kuvuta kwake kuba. Hyundai i10, Kia Picanto, Toyota Aygo, Volkswagen Up, Skoda Citigo ndi Fiat Panda za injini ya lita 1.0 kapena 1.2 zimapezeka m'magulu a pansi. Ya malita 1.6 imene mwana wanu waikondayo aiiwale kaye. Ndikudziwa kuti mnyamata wa msinkhu umenewu safuna kuonedwa ndi anzake m'kagalimoto kooneka ngati ka agogo, koma amene akulipira ndinu, ndipo ngakhale magalimoto ofanana mphamvu amasiyana mtengo wa inshuwaransi, chifukwa mtundu umene achinyamata amaukonda n'kumachita nawo ngozi kawirikawiri umakwera mtengo kuposa umene amaunyoza. Mumuuzenso kuti kusintha marimu, ekizozi kapena kudetsa magalasi kuyenera kunenedwa ku kampani, apo ayi inshuwaransi ikhoza kukanidwa.

Musathamangire inshuwaransi ya third party, yolipira anthu ena okha amene mwawavulaza kapena kuwaonongera katundu, poganiza kuti ndiyo yotsika mtengo monga zimakhalira kwathu. Kwa madalaivala achinyamata ku Britain, nthawi zambiri ya comprehensive, yomwe imakonzanso galimoto yanu, imakhala yofanana nayo mtengo kapena yotsikirapo, kotero funsani zonse ziwiri. Funsaninso ya black box, kachipangizo kamene amakaika m'galimoto kapena pulogalamu ya pafoni imene imayeza liwiro, kamangidwe ka mabuleki, kakhotedwe ndi nthawi imene galimoto ikuyenda. Kwa mwana wa zaka 17 imeneyi ndiyo kawirikawiri imatsitsa mtengo kwambiri, koma werengani malamulo ake bwinobwino, popeza kampani zina zimachotsera mamalikisi woyenda pakati pa usiku, zomwe zingamupweteke ngati ganyu yakeyo imatha mochedwa, ndipo wothamanga mobwerezabwereza akhoza kuthetseredwa inshuwaransi. Ndalama imene mumavomera kulipira nokha pakachitika ngozi, yotchedwa excess, musaikweze kufika poti simungaipeze mwadzidzidzi. Ngati n'kotheka lipirani chaka chonse pakamodzi, chifukwa kulipira pamwezi ndi ngongole ya chiwongola dzanja, ndipo wosakwana zaka 18 nthawi zambiri saloledwa kusainira ngongole.

Mukapeza galimoto imene mtengo wake wa inshuwaransi mungaukwanitse, ifufuzeni musanapereke ndalama. Mbiri ya MOT, yomwe ndi COF ya kumeneko, imapezeka mwaulere pa tsamba la boma la GOV.UK mukalowetsa nambala ya galimoto, ndipo imaonetsa mamailosi a chaka ndi chaka pamodzi ndi zolakwika zimene anazipeza, monga dzimbiri lakunsi ndi matayala otha. Mamailosi akaoneka kuti abwerera m'mbuyo, isiyeni. Onani chikalata cha V5C, chimene kwathu tingachitche bulubuku, mutsimikize kuti nambala ya chasisi ikufanana ndi imene ili pagalimoto. Lipirani kandalama kochepa kuti akufufuzireni ngati galimotoyo ili pangongole, inabedwa, kapena inalembedwa kuti Cat S kapena Cat N, kutanthauza kuti itachita ngozi kampani ya inshuwaransi inaona kuti siyoyenera kulipira zoikonza. Kugula kwa wogulitsa magalimoto wa bizinesi kumakupatsani masiku 30 obweza galimoto ikapezeka ndi vuto, malinga ndi Consumer Rights Act ya 2015, pamene kugula kwa munthu wamba pa Facebook kulibe chitetezo chotero, choncho kumeneko mupite ndi makaniko. Ya dizilo yakale muipewe, chifukwa yosafika pa muyezo wa utsi wotchedwa Euro 6 imalipitsidwa mapaundi 8 patsiku polowa pakati pa Birmingham ndi mapaundi 12.50 ku London.

Tsiku lokatenga galimoto lilinso ndi msampha wake. Kuyambira mu Okutobala 2014 msonkho wa pamsewu susamukira kwa wogula, kotero muyenera kuulipira ku DVLA, ofesi ya boma yoona za malaisensi ndi kalembera wa magalimoto, galimoto isanasunthe pakhomo pa wogulitsa. Ndipo ngati mwanayo anali ndi inshuwaransi ya wophunzira, inatha mphamvu pa ola limene anakhoza mayeso. Inshuwaransi yatsopanoyo iyambe tsiku lomwelo lokatenga galimoto, ndipo uthenga wotsimikiza ukhale utafika pafoni yake asanalize injini.