Yankho kwa achimwene amene njinga yawo yamagetsi ikuvuta kutchaja

Achimwene, ndawerenga funso lanu ndipo ndiyankha motalikirapo, chifukwa zina mwa zimene mwauzidwa kuti muchite zikhoza kukutayitsani ndalama zambiri kapenanso kukuwotcherani nyumba. Mwanena kuti njinga yanu yamoto yoyendera magetsi, ya batire la 72V, imene mumachitira kabaza pakati pa Luwinga ndi m'tauni, yayamba kuvuta. Mukalumikiza tchaja, getsi lofiira limayaka kanthawi kochepa kenako lobiriwira n'kuyaka ngati batire ladzaza, koma mukangoyamba kukwera mtunda muli ndi kasitomala njinga imazima, ndipo masiku ena getsi limakhala lobiriwira kuyambira pomwe mwalumikiza. Makanika wina akufuna kudula kachipangizo ka mkati mwa batire kotchedwa BMS, kamene kamaliteteza kuti lisadzaze kapena kutha mopitirira malire, kuti magetsi azilowa mwachindunji, pomwe wina akuti mugule batire latsopano. Musalole zodula BMS ngakhale pang'ono, ndipo zogula batire zidikire kaye mpaka munthu atayeza ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kuyambira pakhoma mpaka mkati mwa batire, chifukwa zizindikiro zimene mwatchulazi zimatha kuchokera ku fyuzi ya mtengo wochepa monganso zimachokera ku batire lotheratu.

Yambani ndi kutembenuza tchaja kuti muwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake, kenako muwerengenso zolembedwa pa batire. Anthu ambiri amaganiza kuti mabatire onse olembedwa 72V amatchajidwa ndi tchaja imodzimodzi, ndipo mabatire ambiri amafera pomwepa. Batire la lithium la mtundu wa NMC, lokhala ndi magulu 20 a maselo (timabatire tating'ono ta mkati mwake) olumikizidwa motsatizana, limadzaza pa 84V chifukwa gulu lililonse limathera pa 4.2V. La mtundu wa LiFePO4 lokhala ndi magulu 24 limadzaza pa 87.6V chifukwa selo lake limathera pa 3.65V. Njinga zoyendera mabatire 6 a asidi a 12V zimafuna tchaja yofika cha m'ma 88V, imenenso imatchaja mwa njira yake yosiyana. Tchaja ya 84V ikaikidwa pa batire lofuna 87.6V imayatsa getsi lobiriwira batire lisanadzaze, pomwe ya 88V ikaikidwa pa batire la 84V imalikankha kupitirira malire ake, ndipo BMS yokha ndi imene imakhala ikutchinga ngozi usiku uliwonse. Ngati munabwerekapo tchaja kwa mnzanu wa pasiteji, kapena munagula ina yanu itawonongeka, muyambe mwatsimikiza zimenezi. Mapulagi ooneka ofanana nawonso amapusitsa, pakuti opanga ena amaika waya wa + mbali ino pomwe ena amauika mbali inayo, ndipo kulumikiza mosemphanitsa kumawotcha fyuzi kapena tchaja nthawi yomweyo.

Manambala akagwirizana, munthu wa multimeter uja ayeze magetsi otuluka pa pulagi ya tchaja. Ayenera kufanana ndi nambala yolembedwa pa kapepala kaja, ngakhale pali matchaja ena amene satulutsa kanthu mpaka atalumikizidwa ku batire, choncho amenewa amayezedwa ali olumikiza. Getsi lobiriwira palokha silinena kuti batire ladzaza. Limangonena kuti palibe magetsi ambiri amene akutuluka mu tchaja, ndipo izi zimachitikanso waya akaduka, fyuzi ya mbali yotchajira ikapsa, switchi yotetezera ya pansi pa chishalo ikagwa, kapena BMS ikatseka njira. Masiku amene getsi limakhala lobiriwira chilumikizireni ndikukayikira kwambiri malo olowetsa pulagi pa njinga. Unikani ndi tochi m'kabowomo. Kuno ku Mzuzu, ndi mvula yathu yosatherapo msanga ndi nkhungu ya m'mawa, timapini ta mkati timachita dzimbiri lobiriwira, ndipo kamodzi kakayamba kusagwira bwino kamatentha mpaka pulasitiki yozungulira kapiniko imada ndi kusungunukira mkati. Mukaona zotere, malowo asinthidwe onse pamodzi ndi pulagi ya tchaja, chifukwa kupala ndi sandipepa kumangothandiza masiku ochepa. Fyuzi yopsa ilowe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo, osati kachidutswa ka waya.

Komabe kuzima pamtunda kuja kukundipangitsa kuganiza kuti vuto lalikulu lili m'magulu a maselo, ndipo apa ndi pofunika kumvetsa bwino. Taganizani zidebe 20 zimene zikudzazidwa nthawi imodzi, ndipo pali mlonda amene wauzidwa kuti atseke mpopi chidebe chimodzi chikangodzaza, aletsenso kutunga chimodzi chikangouma. Mlondayo ndi BMS. Gulu limodzi la maselo likafooka, limadzaza msanga kuposa anzake, BMS imatseka, tchaja imayatsa getsi lobiriwira pomwe magulu ena onse akadali ndi malo. Mukatuluka n'kukoka moto wambiri pamtunda, gulu lofooka lomwelo limatsika msanga kufika pa malire a pansi, BMS imadulanso, njinga n'kuzima ngakhale choonetsa moto chikunena kuti mwatsala ndi theka. Ngati mukazimitsa kiyi n'kudikira pang'ono njinga imayakanso n'kuyenda bwino pamalo athyathyathya, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu cha vutoli.

Mungathe kuyesa nokha kunyumba popanda kutsegula chilichonse. Batire likatha, zimitsani zipangizo zina zonse za m'nyumba, lembani mayunitsi amene ali pa mita, tchajani mpaka getsi lobiriwira, kenako muwerengenso mita. Batire la 72V la 40Ah limasunga pafupifupi 2.9 kWh (kWh imodzi ndi yunitsi imodzi ya pa mita), ndiye kuti kulidzaza kuchokera pansi kumadya mayunitsi atatu ndi pang'ono mukaphatikiza otayika ngati kutentha mu tchaja, ndipo tchaja ya 10A imatenga maola anayi kapena asanu. Ngati lanu ndi la msinkhu umenewu koma likudya yunitsi imodzi yokha n'kuyatsa getsi lobiriwira pasanathe ola ndi theka, silikulandira zimene liyenera kulandira. Mabatire ena ali ndi BMS yolumikizika ku foni kudzera pa Bluetooth, ndipo imaonetsa nambala ya gulu lililonse. Ngati lanu lilibe, katswiri ayeze gulu ndi gulu pa timawaya tating'ono topita ku BMS, inu muli pomwepo mukulemba manambala papepala. Magulu athanzi amasiyana pang'ono kwambiri, ndipo kusiyana kopitirira 0.1V batire litangochoka pa tchaja ndi umboni wakuti magulu sakuyendera limodzi. Pa LiFePO4 kuyezaku kuchitike batire litadzaza kapena litatsala pang'ono kutha, chifukwa pakatikati maselo a mtundu umenewu amaonetsa nambala yofanana ngakhale ena ali ofooka.

Kusiyana kukakhala kochepa, nthawi zina kumakonzeka popanda kugula kanthu. BMS zambiri zimafananitsa magulu pokhapokha batire likafika pamwamba, ndipo zimachita pang'onopang'ono kwambiri. Munthu wa kabaza amene amatchaja theka la ola apa, ola limodzi apo, n'kuthamangira makasitomala, salipatsa mpata umenewu. Yesani kusiya tchaja yolumikiza kwa maola awiri kapena atatu getsi lobiriwira litayaka, masana muli pafupi, kwa masiku angapo otsatizana, muone ngati mtunda umene mumayenda ukuwonjezeka. Ngati gulu lomwelo likutsikabe lokha njinga itangoimikidwa usiku, mkati mwake muli selo lowonongeka ndipo kufananitsa sikungalichiritse.

Tsopano za kudula BMS. Makanika akatero, njinga idzaonekadi ngati yachira, chifukwa sidzazimanso pamtunda ndipo tchaja idzakhalitsa pa getsi lofiira. Koma tchaja imangoona magetsi a batire lonse pamodzi, siiona gulu ndi gulu, choncho idzapitiriza kuthira moto m'gulu lofooka lija kupitirira 4.2V pofuna kuti zonse zikwane 84V. Selo la lithium lodzazidwa mopitirira limatentha, limafufuma, ndipo likayaka limayatsa anzake motsatizana. Moto wake sumvera kuphimba ndi bulangete, umatulutsa utsi wapoizoni, ndipo umatha kuyambiranso anthu ataganiza kuti wazima. Nthawi imene izi zimachitika kawirikawiri ndi pomwe batire lili pa tchaja, ndipo ambiri a ife timatchaja usiku, njinga ili pabalaza pafupi ndi khomo poopa akuba, ana akugona kuchipinda. N'chifukwa chake ndikukanitsitsa. Chimodzimodzinso musalole munthu kudzutsa batire lotheratu ndi tchaja ya batire la galimoto kapena makina owotcherera, pakuti selo la NMC limene lakhala nthawi yaitali pansi pa 2V limawonongeka mkati ndipo silodalirikanso ngakhale litaoneka kuti ladzuka.

Kukonza koyenera kulipo. BMS yokha ikafa imasinthidwa ndi ina yogwirizana ndi mtundu wa maselo, chiwerengero cha magulu ndi kuchuluka kwa moto umene controller, chipangizo chowongolera moto wopita ku injini yamagetsi, imakoka. Gulu lowonongeka limachotsedwa lonse, n'kuikapo maselo a mtundu ndi msinkhu womwewo, olumikizidwa ndi makina a spot welding, chifukwa chitsulo chotenthetsera sodala chimapsereza selo. Maselo ochotsedwa m'malaputopu akale asalowemo. Koma ngati magulu ofooka ndi ambiri ndipo batire lagwira ntchito ya kabaza kwa zaka, pamenepo makanika wachiwiri uja akunena zoona, ndipo kuwonjezera ndalama pa batire lotero ndi kutaya. Pogula latsopano, ngati njinga yanu ilola kukula ndi kulemera kwake, ine ndingasankhe LiFePO4, chifukwa limapirira kutchajidwa kambirimbiri ndipo siliyaka msanga ngati NMC, bola mugule pamodzi ndi tchaja yake.

Tchaja nayo imafa ndi mmene timaisamalira. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a 230V, koma akathima n'kubwerera amatha kubwera ndi mphamvu yodumpha, choncho akangothima zulani pulagi pakhoma, kapena muike kachipangizo kotetezera kofanana ndi ka firiji kamene kamadikira mphindi zingapo kasanatsegule. Tchaja ya 10A imakoka pafupifupi 1000W kwa maola angapo osapuma, ndipo ma extension otchipa a mawaya oonda amatentha ndi katundu wotere, ndiye ilowe mwachindunji mu soketi yolimba yapakhoma. Musaiyendetse pansi pa chishalo tsiku lonse, chifukwa kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi ya ku Zolozolo kapena Mchengautuwa kumathyola malumikizo a mkati. Kafani kake kakasiya kuzungulira imazima yokha ikatentha, ndipo poitsegula nthawi zambiri mumapezeka fumbi logwirana ndi mphemvu zouma. Kutsegulako kuchite wodziwa, popeza tizipangizo ta mkati totchedwa ma capacitor timasunga magetsi opitirira 300V ngakhale pulagi itazulidwa. Za sola ya panyumba musadalire kwambiri, chifukwa batire la 12V la 100Ah limasunga 1.2 kWh yokha, yosafika ngakhale theka la zimene njinga ikufuna, ndipo inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ikakhala yosatulutsa magetsi osalala otchedwa pure sine wave imatenthetsa tchaja.

Mukangofika kuchokera ku ntchito, batire lipume theka la ola lisanalumikizidwe, ndipo malo otchajira akhale ouma, a simenti, opita mphepo, kutali ndi khomo lotulukira, makatani ndi mafuta. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi kumachepetsako mtunda umene batire limayenda m'mawa, koma kumeneko si kuwonongeka ndipo kumabwerera kukafunda. Ngati mumapita ku Nkhata Bay, kumbukirani kuti njira yopita ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo pa njinga zimene zimabweza moto mu batire pogwira buleki, batire lodzaza kwambiri limakana motowo, katundu yense n'kutsalira mabuleki wamba. Pobwerera mtunda womwewo umadya moto wochuluka kuposa popita, choncho ndi batire lili mmene lililimu ulendo umenewo muuimike kaye. Likayamba kufufuma, kununkha fungo lachilendo, kapena kutentha kosagwirika pa tchaja, lichotseni m'nyumba nthawi yomweyo ndipo musalitchajenso.

Musanapite kwa aliyense, bwererani kaye kumene munagula njinga muli ndi risiti, chifukwa ogulitsa ambiri salandiranso batire limene latsegulidwa ndi munthu wina ngakhale nthawi ya warranty isanathe. Akalephera, funani munthu wa zamagetsi amene amakonza ma inverter ndi mabatire a lithium a sola. Mzuzu Technical College imaphunzitsa amisiri a magetsi ndipo ku Mzuni kuli maphunziro a zamphamvu zongowonjezereka, ndiye kufunsa kwa anthu amene anadutsa kumeneko kungakulozereni munthu woyenera. Makanika wa njinga za petulo angakuthandizeni pa mabuleki, matayala ndi ma bearing, koma amene akufuna kutsegula batire mumufunse kaye kuti ayeza chiyani ndipo akuyembekeza kupeza nambala yanji. Tumizani muno chithunzi cha kapepala ka pa tchaja, cha pa batire, cha malo olowetsa pulagi, ndi mayunitsi amene mita yadya pa kutchaja kamodzi, ndipo tidzakuuzani ngati vuto lili pa tchaja, pa malumikizo kapena m'maselo musanatulutse ndalama iliyonse.