Kodi njoka ya pa ambulansi ndi chizindikiro cha Satana?

Mayi wina wa ku Balaka wanditumizira imelo. Mwana wawo wamkazi wayamba maphunziro a unamwino, ndipo pa mabuku ake ena pali chithunzi cha njoka yodzikulunga pa ndodo, chomwecho chimene chimaoneka pa ambulansi ndi pa chizindikiro cha bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO. Anzawo a kumpingo awauza kuti zimenezi ndi za usatana, popeza njoka ndi imene inanyenga Hava. Funso lawo ndi lakuti: kodi njokayi ikufunanji kuchipatala?

Mayi, mtima ukhale m'malo. Chizindikirocho ndi cha machiritso, ndipo chinachokera ku Greece kalekale.

Agiriki akale ankakhulupirira kuti kuli mulungu wochiritsa, dzina lake Asclepius, ndipo ankamusema atagwira ndodo yokhala ndi njoka imodzi. Kachisi wake wotchuka anali ku Epidaurus, ndipo anatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 300 Yesu asanabadwe. Odwala ankayenda mitunda italiitali kupita kumeneko. Akafika ankasamba, kupereka nsembe, kenako nkukagona m'chipinda chapadera kuyembekezera maloto owauza mankhwala ake. M'kachisimo munkayenda njoka zopanda ululu, ndipo palibe ankazipha. Mliri utagwa mu mzinda wa Rome mu 293 Yesu asanabadwe, akuluakulu anatuma anthu ku Epidaurus, ndipo anabwerako ndi njoka m'ngalawa. Nkhani imati njokayo inatsikira pa kachilumba ka mu mtsinje wa Tiber, ndipo pomwepo anamangapo kachisi. Mpaka lero pa chilumbacho pali chipatala.

Koma bwanji anasankha njoka, osati nkhunda kapena nkhosa? Anthu akale ankaziyang'anitsitsa nyama kuposa ife. Anaona kuti njoka imafundula: imasiya khungu lakale pa chitsamba nkuchoka ikunyezimira ngati yabadwa kumene. Kwa munthu amene wagona pamphasa miyezi, palibe chimene amalakalaka kuposa chimenecho. Ku Mesopotamia, komwe lero kuli Iraq, nthano ya mfumu Gilgamesh imati iye anapeza chomera chobwezera unyamata pansi pa nyanja, koma akusamba pa dziwe njoka inamubera, ndipo pochoka inafundula. Umu ndi mmene iwo ankafotokozera chifukwa chimene munthu amakalamba pamene njoka imaoneka yatsopano nthawi ndi nthawi.

Anzanu a kumpingo sananame za Genesis 3. Chimene chimandiwawa nchakuti amaima pomwepo, pamene Baibulo lomwelo lili ndi zambiri. Pa Numeri 21, Aisiraeli akulumidwa ndi njoka m'chipululu, Mulungu anauza Mose kuti apange njoka nkuipachika pa mtengo. Mose anaipanga ya mkuwa, ndipo wolumidwa aliyense akaiyang'ana ankachira. Pa Yohane 3:14 Yesu akufanizira kukwezedwa kwake ndi njoka imeneyo, ndipo pa Mateyu 10:16 akuuza ophunzira ake kuti akhale ochenjera ngati njoka. Zoona, mfumu Hezekiya inadzaiphwanya njoka ya mkuwa ija (2 Mafumu 18:4), koma chifukwa chake chinalembedwa: anthu anali atayamba kuifukizira lubani. Namwino sagwadira chithunzi cha pa buku lake.

Ku Egypt nakonso njoka inali mbali ziwiri. Ina, yotukumula khosi ija, inkakhala pa mphumi pa Farao ngati mlonda, ndipo ikuoneka pa chigoba cha golide chophimba nkhope ya Farao Tutankhamun. Ina, Apep, inali mdani wa dzuwa amene ankafuna kulimeza usiku uliwonse.

Sitifunika kuwoloka nyanja kuti timvetse zimenezi, chifukwa makolo athu anali ndi njoka zawo, ndipo zawozo zinali za madzi. Pa kachisi wa ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, Makewana, mayi wotsogolera mapemphero pa kachisiyo, ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Thunga, mzimu wooneka ngati njoka, ndipo kumeneko ndi kumene Achewa ankapita kukapempha mvula. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, Amang'anja amati Mbona amabwera kwa mkazi wake Salima m'maonekedwe a nsato. Ine ndimaona kuti izi zili ndi mutu. Nsato imakonda m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo njoka zambiri zimatuluka mvula ikayamba. Mlimi amene moyo wake wonse uli pa mvula sakanalephera kulumikiza ziwirizi. Mgiriki wodwala anaona kufundula, Mchewa wa khasu anaona madzi. Aliyense anatola chimene chinkamusowetsa tulo.

Ndiye pali Napolo, amene sabweretsa madalitso ayi. Amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikasamuka kupita kunyanja chimang'amba phiri nkukokolola miyala, mitengo ndi nyumba. Anthu anatchula dzina lake pamene madzi anasakaza Zomba mu Disembala 1946, ndiponso pamene phiri la Michesi linagumukira Phalombe mu Malichi 1991 nkupha anthu mazanamazana. Namondwe Freddy atawononga Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023, dzinali linamvekanso m'midzi. Akatswiri amafotokoza kuti nthaka ya m'phiri ikakhuta madzi, makamaka pamene mitengo inatha, imatsetsereka. Koma amene anaonapo njira imene matope amasiya, yokhotakhota kuyambira pamwamba pa phiri mpaka m'chigwa, amamvetsa chifukwa chimene agogo athu ankati padutsa njoka, ndi chifukwa chake ankachita mantha kumanga nyumba m'njira imeneyo.