Nyanja tili nayo, musathamangire kwa azungu

Achemwali, mwafunsa ngati munthu wa ku Dedza angalembe nkhani yachikondi ya makedzana ya anthu apanyanja, poti nyanja yamchere simunaionepo. Ine ndikuti lembani, koma za ku England zisiyeni. Tsikani msewu wa Golomoti mukafike ku Mtakataka, nyanja ili m'boma lathu lomwe lino.

Mbiri yake ndi yonona. M'zaka za m'ma 1800 zombo za Jumbe, wamalonda wachiswahili wa ku Nkhotakota, zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa, doko la kunyanja yamchere ku Tanzania. Mnyamata wopalasa chombo cha Jumbe atakonda mtsikana amene wamangidwa goli m'chombo momwemo, nkhani yayamba kale imeneyo. Kapena tengani 1946, pamene sitima ya Vipya inamira ndi anthu 145. Mkazi amene akudikira mwamuna wake pagombe chaka chimenecho owerenga sangamuiwale.

Chimene chimaononga nkhani zotere n'kulemba nyanja ngati chithunzi chabe. Asodzi amadziwa mphepo ndi mayina ake. Mwera ukakunta m'nyengo yozizira, mabwato amagona pamchenga, amuna n'kumasoka makoka pamthunzi, ndiye nthawi yofunsirana ndi imeneyo. Usipa woyanikidwa pathandala, fungo lake likhale pa chitenje cha mtsikanayo.

Samalaninso za ukwati. Kwa Achewa mwamuna amalowa chikamwini ndipo mawu ali ndi malume. Msodzi wosakhazikika pamudzi, malumewo amulola bwanji? Mkangano wa buku lanu uchokere pamenepo.