Supuni ikumawapulumuka agogo, ndiwapangire chani?

FUNSO: Agogo anga aakazi zala zinapindika ndi nyamakazi, supuni ikumawapulumuka pomwa phala, kiyi wa loko sakutha kupotokola, za mabatani ndiye osanena. Ine ndine kalipentala. Ndingawapangire chani kuti asamadalire ife pa chilichonse?
Mdzukulu, Zomba

YANKHO: Achimwene, kachinthu kakang'ono ngati kiyi kapena batani kamafuna kutsina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndipo mfundo za zala zimenezi ndi zomwe nyamakazi imakonda kudya. Ndiye chilichonse mungapange, ntchito ichoke ku nsonga za zala ipite ku chikhatho ndi mkono wonse.

Yambani ndi supuniyo. Chogwirira chinenepe, mwina masentimita 3 kapena 4, kuti dzanja lisamachite kufumbata mpaka kutseka. Semani kamtengo kopepuka mulowetsemo supuni, kenako kulungani ndi chubu cha njinga kuti isamaterere, ndipo chonde musapake vanishi, ndikudziwa akalipentala mumakonda zonyezimira koma vanishi ikanyowa imaterera koopsa. Ngati kufumbata kukukanikiratu, sokani kalamba kozungulira chikhatho kokhala ndi kathumba kolowetsamo supuni, agogo azingonyamula mkono basi.

Si nzeru zakumudzi zokha izi. Ku America kampani ya OXO, yopanga ziwiya za kukhitchini, inayamba mu 1990 chifukwa Sam Farber ankaona mkazi wake Betsey, yemwe anali ndi nyamakazi, akuvutika ndi chosendera, ndiye anapangitsa zogwirira zonenepa za labala zomwe lero anthu amagula ngakhale manja awo ali bwinobwino.

Kiyi mumangirire ndi bauti pa kathabwa kotalika ngati chala kuti azipotokola ndi dzanja lonse. Pa zipi kolekani ling'i ya makiyi, mabatani apite kwa telala aikepo Velcro, timalamba tomatana tija timakhala pa nsapato zina za ana. Waya wa ndowa uja amadula zala, mulowetseni mu kachidutswa ka paipi yothirira, komabe ndowa yodzadza asamanyamule. Kapu ikhale yopepuka ya zogwirira ziwiri, ndipo ngati zala zimachitanso dzanzi pewani kapu yachitsulo, atha kupsa ndi tiyi osamva.

Koma musapange zonsezi kushopu n'kungobwera nazo ayi. Pangani chimodzi, agogo ayese masiku angapo inu mukuonerera, muwafunse pomwe pakupweteka, chifukwa akuluakulu ambiri amangoti "zili bwino mwanawe" kuti asakukhumudwitseni kenako chinthucho mukachipeza pansi pa bedi. Cholemera kwambiri kapena chooneka ngati cha kuchipatala amachita nacho manyazi pamaso pa alendo.

Apiteninso nawo kwa a fizio pa chipatala chachikulu, kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, akawaone manjawo ndi kuwaphunzitsa mafizo a zala. Ndipo tsiku lina dzanja likangofooka mwadzidzidzi mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka kapena mawu osamveka, imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, siyani macheka muthamangire nawo kuchipatala nthawi yomweyo.